POLIYO: NTHENDA YAIWALIKA, ZIPSERA ZIKALIPO

Mayi wachitsikana amene amaima pa mzere wa sikelo ku Madzimoyo masiku ano, mwana ali kumbuyo, khadi lili m'manja, kawirikawiri sanaonepo ndi maso ake mwana amene anagona madzulo ali wotentha thupi pang'ono, nadzuka m'mawa mwendo uli lende. Namwino akati atsegule kukamwa kwa mwanayo iye amangotsegula, madontho awiri nkugwera pa lilime, basi nkumapita kwawo. Chimene madonthowo akutchinjiriza sachidziwa bwino. Umenewu ndi mwayi waukulu ndipo tiyenera kuuyamika. Komatu mwayi womwewu uli ndi mbuna yake, pakuti chimene munthu sanachione sachiopa, ndipo chimene sachiopa sachedwa kuchinyozera.

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira kuti panalibe mudzi waukulu, sukulu kapena msika pamene munthu sakanakumana ndi mwana wotsimphina, wogwira bondo ndi dzanja poyenda, kapena wokwawa. Ambiri mwa ana amenewo akali moyo. Ndi azibambo ndi amayi a zaka 40, 50 kapena 60, ndipo timakhala nawo m'midzi ndi m'makomboni a Chipata. Nkhani ya mwezi uno ikunena za kuiwala kwa mitundu iwiri: kuiwala nthenda imene ingathe kubweranso, ndi kuiwala anthu amene nthendayo inawasiya m'manja mwathu.

Kachilombo koyenda mwakachetechete

Poliyo imayamba ndi kachilombo kochepetsetsa, kosaoneka ndi maso, kamene kamakhala mwa munthu yekha. Sikakhala m'ng'ombe, m'nkhuku kapena mu udzudzu. Kamalowera pakamwa, nkukaswana kukhosi ndi m'matumbo, kenaka nkumatuluka ndi chimbudzi kwa milungu ingapo. Pamene zimbudzi zili zochepa, pamene ana amadzithandiza kuseri kwa nyumba, pamene mvula imakokolera zonyansa m'zitsime zosavundikira, ndiponso pamene manja salawa sopo, kachilomboka kamayenda mosavuta kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake. Dzina la malo athu limatikumbutsa kuti madzi ndi moyo. Koma madzi omwewo akadetsedwa amasanduka msewu wa nthenda.

Chimene chimachititsa kuti poliyo ikhale yovuta kuilonda ndi ichi: mwa anthu 100 amene kachilomboka kawalowa, pafupifupi 70 sadwala konse, ngakhale akukafalitsa. Ena amangotentha thupi, kumva mutu, kusanza, kapena kuuma khosi kwa masiku ochepa, ndipo makolo amayesa malungo wamba. Koma mwa munthu mmodzi pa anthu 200 alionse, kachilomboka kamafika mu mtsempha waukulu wa mu msana nkuwononga timitsempha timene timalamula minofu kuti igwire ntchito. Zikatero mwendo kapena mkono umalefuka, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Mwanayo amamva ndithu ukamutsina, koma kusuntha chiwalocho sangathe. Mwa olefuka chotere, 5 mpaka 10 pa 100 alionse amamwalira, chifukwa minofu yopumira nayo imaleka kugwira ntchito. Choncho mwana mmodzi akapunduka ndi poliyo m'dera, anzeru amadziwa kuti pali ena mazana amene akuyenda nako kachilomboko mosadziwa.

Kufikira lero mankhwala ochiza poliyo kulibe. Timitsempha tija tikafa sitimeranso. Chida chimene tili nacho ndi katemera. Ndipo popeza kachilomboka kalibe kwina kobisala kupatula m'thupi la munthu, nkotheka kukathetseratu pa dziko lonse, monga inathera nthomba, imene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 1980 kuti yatha.

Nthenda yakalekale

Poliyo si nthenda ya dzulo kapena dzana. Ku Egypt kunapezeka mwala wozokotedwa zaka zoposa 3,000 zapitazo, umene tsopano umasungidwa mumzinda wa Copenhagen. Pa mwalapo pali chithunzi cha munthu wotchedwa Roma, mlonda wa pakhomo. Mwendo wake umodzi ndi woonda ndi waufupi, akupondera zala zokha, ndipo watsamira ndodo. Madokotala ambiri amati chimenechi ndicho chithunzi chakale kwambiri cha munthu wopunduka ndi poliyo. Chimene chimatikhudza ife pa mwalawu nchakuti munthuyo sali yekha ndipo sakupempha. Ali ndi udindo wake, mkazi wake waima pambuyo pake, mwana wake ali pomwepo. Tisunge chithunzi chimenechi m'maganizo.

Kwa zaka zikwi nthendayi inalibe ngakhale dzina. Dokotala wa ku England, Michael Underwood, anailongosola mu 1789 monga kufooka kwa miyendo ya ana, ndipo Jakob Heine wa ku Germany anailemba mwatsatanetsatane mu 1840. Mu 1908 Karl Landsteiner ndi Erwin Popper, ku Vienna, anaonetsa kuti imayamba ndi kachilombo.

Chodabwitsa nchakuti miliri yoopsa ya poliyo inagwa poyamba m'maiko olemera ndi aukhondo. Chifukwa chake ndi ichi. Kale mwana aliyense ankakumana ndi kachilomboka akali khanda, pamene chitetezo chimene anatengera kwa mayi ake chikali m'thupi, motero ambiri ankapulumuka nkukhala otetezeka moyo wonse. Ukhondo utafika m'mizinda ya ku Europe ndi America, ana anayamba kukumana nako atakula, chitetezo cha mayi chitatha kale. Apo nthenda inayamba kugwa ngati dzombe. Mu 1916 ku America kunadwala anthu oposa 27,000 ndipo pafupifupi 6,000 anamwalira. Mu 1952 odwala anapitirira 57,000. Oposa 3,000 anafa ndipo oposa 21,000 anatsala opunduka. Chaka ndi chaka nyengo yotentha ikafika, makolo ankatsekera ana m'nyumba, malo osambira ndi nyumba za kanema nkutsekedwa.

Nthendayi sinaone nkhope. Franklin Roosevelt anapunduka miyendo yonse mu 1921 ali ndi zaka 39, madokotala ake nati ndi poliyo, komabe anadzakhala pulezidenti wa America kuyambira 1933 mpaka 1945. Mu 1938 iye anayambitsa bungwe limene linadzatchuka ndi dzina lakuti March of Dimes, limene linkapempha munthu wamba kuti apereke kakobiri kamodzi kokha. Timakobiri timeneto ndi timene tinalipira ntchito yofufuza katemera. Pajatu mutu umodzi susenza denga.

Odwala amene analephera kupuma ankawalowetsa m'chimgolo chachitsulo chopopa mpweya, chimene Philip Drinker ndi anzake anakonza ku Boston mu 1928, mutu wokha uli panja. Munthu wina wa ku Texas, Paul Alexander, anadwala mu 1952 ali ndi zaka 6, nadalira chimgolo chotere zaka zoposa 70. Anaphunzira mpaka kukhala loya, ndipo anamwalira mu Malichi 2024. Ku Copenhagen, pa mliri wa 1952, makina opumira anachepa. Dokotala Bjørn Ibsen anapereka nzeru yakuti odwala awaboole pakhosi ndi kuwapopera mpweya ndi thumba la mphira. Ophunzira udokotala mazanamazana anasinthana usana ndi usiku kufinya matumbawo ndi manja, kwa miyezi, kuti ana a eni ake asafe. Zipinda za odwala mwakayakaya zimene tili nazo m'zipatala zazikulu lero zinaphuka pa ntchito imeneyo.

Katemera woyamba, wobaya, anakonzedwa ndi Jonas Salk. Atamuyesa pa kafukufuku wokhudza ana pafupifupi 1.8 miliyoni, zotsatira zake zinalengezedwa pa 12 Epulo 1955, ndipo m'mizinda ya ku America mabelu a matchalitchi analira. Salk sanafune kuti katemerayo akhale chuma chakechake. Pambuyo pake Albert Sabin anakonza katemera wodonthetsera m'kamwa, amene anayesedwa pa ana mamiliyoni ku Soviet Union mu 1959. Katemera wachiwiriyu ndi wotsika mtengo, safuna nyeleti, ndipo munthu aliyense wophunzitsidwa pang'ono angathe kumupereka. Ndiye amene anadzafika m'midzi mwathu.

Mmene ife tinkaionera

Kwathu kuno poliyo sinkagwa ngati mliri. Inkatola mmodzimmodzi: mwana mmodzi mudzi uno, wina kutsidya kwa dambo, wina chaka chamawa. Pa chifukwa chimenechi, kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri ankaganiza kuti m'maiko otentha nthendayi si vuto lalikulu. Maganizo amenewo anagwa m'zaka za m'ma 1970, pamene madokotala a ku Ghana anayendera masukulu nkuwerenga ana otsimphina. Anapeza kuti opunduka ndi poliyo anali ochuluka kufanana, ngakhale kuposa, a m'maiko olemera pa nthawi ya miliri yawo. Ana athu ankapunduka ndithu, kungoti panalibe wowawerenga.

Makolo athu, posadziwa za kachilombo, anafunafuna chifukwa kumene akanachipeza. Mwana amene dzulo ankathamanga, lero sangathe kuima: wachita zimenezi ndani? Ena ankati walodzedwa. Ena ankati waponda mankhwala amene anatcheredwa wina pa mphambano. Ena ankaloza chala amalume kapena bambo wa mwanayo amene malonda ake ankayenda bwino, amvekere wakhwimira mwana. Enanso ankati makolo sanasunge mwambo, ndipo mlandu wa mdulo unkagwera mayi kapena bambo. Mbuzi ndi nkhuku zinathera kwa asing'anga, miyendo ya ana inadzala mphini, maukwati anatha, abale anadana mpaka kumanda, pamene wolakwa weniweni anali kachilombo kochokera m'madzi akumwa.

Panalinso mawu ena ofala akuti, "Inamupundula ndi nyeleti." Mawuwa tisawataye msanga, pakuti muli choona china. Madokotala anatsimikiza kuti mwana amene kachilombo ka poliyo kali kale m'thupi mwake, akabayidwa jekeseni m'thako pa masiku a kutentha thupi aja, ngozi yakuti mwendo womwewo ulefuke imakula. Ndiponso jekeseni wobayidwa pamalo olakwika angathe kuvulaza mtsempha wa mwendo, popanda poliyo nkomwe. M'zaka zimenezo anthu ankakhulupirira kuti mankhwala enieni ndi obaya, ndipo m'midzi munali anthu osaphunzira ntchitoyi amene ankabaya anzawo mwamseri. Phunziro lake silakuti tiziopa katemera, koma lakuti mwana wotentha thupi tisamufunire jekeseni kwa munthu wamba.

Chilankhulo chathu nachonso chili ndi mlandu woyankha. Munthu wopunduka tinamutcha chilema. Mawu amenewa amamuchotsa m'gulu la anthu nkumuika m'gulu la zinthu, limodzi ndi chitsa, chipande ndi chikho. Tikati "chabwera", "chikufuna chiyani", tamuvula kale umunthu tisanamumane kanthu kena. Ndipo zotsatira zake zinkaoneka. Alendo akafika, mwana wotere ankamutumiza kuseri. Ndalama za sukulu zikachepa, woyamba kutsala anali iye, makamaka akakhala mtsikana. Sukulu ikakhala kutali, panalibe womunyamula tsiku ndi tsiku.

Komabe tisaiwale mbali inayo. Panali amayi amene anabereka mwana wa zaka 8 kumbuyo kupita naye kusukulu m'mawa ulionse. Panali anyamata amene ankasinthana kukweza mnzawo pa njinga. Ndipo opundukawo sanakhale manja lende. Amene analibe ndodo zoyendera anavala mapatapata m'manja, namanga zidutswa za matayala m'maondo, nayenda. Ambiri anaphunzira kusoka nsapato, utelala, kukonza mawotchi ndi mawailesi; ena anafika pa uphunzitsi ndi ukalaliki. Pa khonde la sitolo iliyonse yakale m'tauni ya Chipata panali mmisiri wotere, ndipo ena a iwo anaphunzitsa ana awo mpaka kukoleji ndi singano ndi ulusi.

Mipingo ndiyo inayamba kutsegulira olumala zitseko m'chigawo chino. Amishoni a Dutch Reformed, amene anafika ku Magwero mu 1899 natsegula Madzimoyo mu 1903, ndiwo anayambitsa maphunziro a akhungu ku Magwero, ndipo pambuyo pake a osamva. Nyumba ya Cheshire ya ku Chipata, yolera ndi kuphunzitsa ana olumala ziwalo, imatchedwa ndi dzina la Leonard Cheshire, woyendetsa ndege za nkhondo wa ku Britain, amene mu 1948 analowa Mpingo wa Katolika nayamba kusamala odwala m'nyumba yake yomwe. Ku chipatala cha St Francis ku Katete ana ambiri anawongoledwa miyendo yopindika. Ku Uganda dokotala Ronald Huckstep anaonetsa kuti zitsulo zochirikiza mwendo zingathe kupangidwa ndi zipangizo zotsika mtengo zopezeka konkuno, ndipo kutsidya kwa malire, bungwe la Malawi Against Polio linagwira ntchito yofanana nayo. Mwana amene anakwawa zaka zisanu akaimirira koyamba pa zitsulo ndi ndodo, nayang'ana anzake m'maso osati m'maondo, amene anaona zimenezo saziiwala.

Madontho awiri afika m'mudzi

Mu 1974 bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko yofikitsa katemera kwa ana onse, ndipo Zambia inayamba yake mu 1975. Bungwe la Rotary linadzipereka pa nkhondo imeneyi mu 1985. Mu 1988 maiko onse anagwirizana kuti poliyo ithetsedwe. Chaka chimenecho nthendayi inkapundula ana pafupifupi 350,000 pa chaka m'maiko 125, ndiye kuti ana pafupifupi 1,000 tsiku lililonse. Mu 1996 Nelson Mandela anatsegula kampeni ya Kick Polio Out of Africa, pa nthawi imene ana a mu Africa okwana 75,000 ankapunduka chaka chilichonse. Ambiri tikukumbukira masiku a katemera a m'zaka zimenezo: mabokosi ozizira omangidwa pa njinga, mafumu akumema anthu, zilengezo pambuyo pa Misa, mizere ya amayi pansi pa mtengo wa mango.

Ntchitoyo inabala zipatso. Poliyo yobadwira m'dziko muno inaoneka komaliza mu 1995. Mu 2001 ndi 2002 inalowanso ku Chigawo cha Kumadzulo kuchokera ku Angola, kumene kunali nkhondo, koma inazimitsidwa. Pa mitundu itatu ya kachilomboka, wachiwiri unalengezedwa mu 2015 kuti watha pa dziko lonse, ndipo wachitatu mu 2019. Pa 25 Ogasiti 2020 chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chamasuka ku poliyo yachilengedwe, patatha zaka zinayi chionekere komaliza kumpoto kwa Nigeria mu 2016. Mtundu woyamba unatsalira m'maiko awiri, Afghanistan ndi Pakistan.

Dziko la Nigeria lomwelo likutiphunzitsa mtengo wake wa mphekesera. Mu 2003 kunamveka manong'onong'o akuti katemera wa poliyo amatseka mimba za atsikana. Madera ena a kumpoto analeka kutemera ana, ndipo ku Kano zinatenga pafupifupi chaka kuti ayambirenso. M'zaka zotsatira kachilombo kochokera kumeneko kanafika m'maiko pafupifupi 20 amene anali atathana nako kale, mpaka ku Yemen ndi Indonesia. Amene anafalitsa bodzalo sanapunduke. Anapunduka ndi ana.

Pakistan si kutali

Wina angafunse kuti, "Nanga ngati nthendayi inatsala ku Pakistan, ife a ku Madzimoyo tivutikiranji?" Yankho linabwera mu Novembala 2021, pamene mtsikana wa zaka zitatu analefuka ziwalo mumzinda wa Lilongwe. Atapima, anapeza kuti ndi poliyo yachilengedwe, yofanana ndi imene inkazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Boma la Malawi linalengeza za ngoziyi pa 17 Febuluwale 2022, patatha zaka 30 chionekere poliyo yotere komaliza m'dzikolo mu 1992. Mu Meyi 2022 inaonekanso ku Changara, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo pomatha chakacho ana 8 a m'chigawo chimenecho anali atapunduka nayo.

Tonse tikudziwa kuti kuchokera ku Chipata, Lilongwe ndi pafupi kuposa Lusaka. Pa Mwami ndi pa Chanida anthu amaoloka tsiku ndi tsiku, osawerengera tinjira ta m'tchire. Timakwatirana, timaikana maliro, timagulitsana nyemba ndi mbatata. Mwezi wa Febuluwale timasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala, ndipo mu Ogasiti Achewa a maiko atatu amakumana ku Mkaika pa Kulamba. Ubale umenewu ndi chuma chathu ndipo palibe amene angafune kuudula. Koma kachilombo sikaonetsa pasipoti. Nchifukwa chake kuyambira mu Malichi 2022 ogwira ntchito za umoyo anayenda khomo ndi khomo m'Malawi, Mozambique, Tanzania, Zambia, ndipo kenaka Zimbabwe, kudonthetsa katemera, kupaka inki pa kachala ka mwana ndi kulemba ndi choko pa chitseko. Ana oposa 50 miliyoni anatemeredwa, ndipo mu Meyi 2024 kunalengezedwa kuti mliriwo watha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali mfundo ina imene tiyenera kuinena poyera, kuopa kuti mungaimve mokhota kwa ena. Katemera wa m'kamwa ali ndi kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa. Pamene ana ambiri atemeredwa, kachilombo kofooka kameneka kamasowa kolowera nkufa. Koma m'dera limene ana otemeredwa ndi ochepa, kangathe kuyendayenda mwa ana osatetezedwa kwa miyezi yambiri, nkusintha pang'onopang'ono mpaka kupezanso mphamvu yopundula. Zoterezi zinaoneka m'dziko lathu mu 2019 ku Chienge, m'chigawo cha Luapula, ndipo zavuta m'maiko angapo a mu Africa. Gwero la vutoli ndi ana otsala osatemeredwa, ndipo mankhwala ake ndi kutemera onse. Nchifukwa chake tsopano, kuwonjezera pa madontho a pobadwa ndi a pa milungu 6, 10 ndi 14, ana amalandiranso katemera wobaya. Nchifukwa chakenso otemera amabwereza kangapo ngakhale kwa mwana amene khadi lake ndi lodzaza. Madontho obwereza sapweteka mwana. Amawonjezera chitetezo chake ndi cha ana a anansi ake.

Amene nkhondo inawapitirira

Katemera anabwera mochedwa kwa anzathu aja amene anadwala kale. Ndalama zambiri zapita ku ntchito yothetsa kachilombo, ndipo nkoyenera. Koma amene kachilomboko kanawapundula sanapatsidwe gawo lofanana nalo. Tsopano ambiri a iwo akukumana ndi mtanda wachiwiri. Patapita zaka 15 mpaka 40 chidwalire, anthu 25 mpaka 40 pa opulumuka 100 alionse amayamba kumva kufooka kwatsopano, kutopa kosaneneka, kuphwanya m'minofu ndi m'mfundo, kusapirira kuzizira, ndipo ena amavutika kupuma kapena kumeza. Si kuti kachilombo kabwerera, ndipo sangapatsire munthu. Timitsempha tochepa timene tinatsala tinasenza ntchito ya tinzake timene tinafa, ndipo patatha zaka zambiri tatopa. Onjezanipo mapewa amene anyamula thupi pa ndodo zaka 40, msana wopindika, ndi bondo la mwendo wabwino uja limene lagwira ntchito ya maondo awiri.

Munthu amene anadzidalira moyo wake wonse akayamba kulephera kufika kumsika, achibale asafulumire kunena kuti ndi ulesi, kapena kuyambanso nkhani za ufiti. Afunika kupita kuchipatala kuti akamupime, pakuti kufooka kungachokerenso ku matenda ena ochizika. Afunika kupumula pakati pa ntchito m'malo modzikakamiza, kuonetsa zitsulo ndi nsapato zake kuti azikonze zikatha, ndiponso kulandira njinga ya olumala popanda manyazi nthawi yake ikakwana.

Lamulo lili kumbali yawo. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano loteteza anthu olumala, loletsa tsankho pa maphunziro, pa ntchito ndi pa kulowa m'nyumba za anthu onse. Bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities limalemba m'kaundula anthu otere kuti athe kupeza thandizo la boma. Koma lamulo lolembedwa ku Lusaka silingagwetse masitepe a pa khomo la tchalitchi chathu, silingakuze chitseko cha chimbudzi cha pa sukulu, ndipo silingakhale pa bwalo pamene banja likugawana munda wa malemu. Zimenezo ndi zathu.

M'buku lachiwiri la Samuele timawerenga za Mefiboseti, mdzukulu wa mfumu Saulo, amene anapunduka miyendo yonse ali ndi zaka zisanu, mlezi wake atamugwetsa pothawa. Davide atamupeza sanamutumizire thumba la ufa kumene anabisala. Anamubwezera minda ya agogo ake, namupatsa malo pa tebulo la mfumu masiku onse. Munda ndi malo pa tebulo: chimenecho ndicho chilungamo, ndipo chimaposa zachifundo za pa Khrisimasi. Tidzifunse tsono. Pogawa minda, kodi mbale wathu wolumala amalandira gawo lake, kapena timati adzalima bwanji? Mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta yoyenda ndi ndodo, kodi ankhoswe amadziwa kuti poliyo si ya kumtundu, ndipo kuti mayi wopunduka nayo amatha kubereka ana alunga? M'miphakati yathu, posankha atsogoleri, owerenga Mawu ndi osunga chuma, kodi timawakumbukira, kapena timangowaona ngati anthu owapempherera? Roma wa ku Egypt uja anali ndi ntchito, banja ndi dzina zaka 3,000 zapitazo. Ife tisachepere pamenepo.

Ndiponso anthu amenewa ali ndi ntchito imene palibe wina angaigwire. Mayi wokayika za katemera angatsutsane ndi namwino, angatsutsane ndi wailesi, koma sangatsutsane ndi munthu amene akumuonetsa mwendo wake nati, nthawi yanga madontho amenewa kunalibe. Ku Kinshasa oimba a gulu la Staff Benda Bilili, ambiri a iwo opunduka ndi poliyo, anaimba nyimbo yolimbikitsa makolo kutemeretsa ana, ndipo inamveka m'maiko ambiri. M'midzi mwathu mboni zotere zilipo. Tiziitane kuti zilankhule pa misonkhano ya mafumu ndi ya amayi, ndipo tizilemekeze monga aphunzitsi.

Zoti tichite

Tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi poliyo pa dziko lonse ndi 24 Okutobala, tsiku lomwe ife timakondwerera ufulu wa dziko lathu. Tisadikire tsikulo. Madzulo ano bambo ndi mayi atulutse makhadi a sikelo a ana onse osakwana zaka zisanu, pamodzi ndi a adzukulu ndi ana amasiye amene akusunga, aone ngati pali mpata wosalembedwa. Otemera akagogoda, tiwatsegulire, ndipo tiitane ndi ana a alendo amene afika dzulo. Mwana wosakwana zaka 15 akalefuka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, tithamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, kuti akatenge chimbudzi chake nkukachipima nthawi ikalipo. Pakhomo paliponse pakhale chimbudzi chovundikira ndi madzi osamba m'manja.

Ndipo Lamulungu likubwerali, tikamalowa m'tchalitchi, tiwerenge masitepe amene tikukwera, nkudzifunsa kuti ndani wa m'mudzi mwathu amene wakhala akutsala kunyumba chifukwa cha iwo. Matumba ochepa a simenti ndi Loweruka limodzi la ntchito ya manja zingathe kumubweretsa pakati pathu.